Magulu a Anthu m'Phunziro la Mbiri Yakale: Chitsanzo cha France mu 1789

Mawu Oyamba

Palibe mphunzitsi wa mbiri yakale amene angathe kufotokoza za maufumu, za nkhondo kapena za kuukira boma popanda kugawa anthu m'magulu. Popeza sangathe kutchula munthu aliyense ndi dzina lake, iye amanena za olemera ndi osauka, za eni malo ndi alimi, za mabwana ndi antchito. Mawu amenewa amamveka ngati odziwika kale, ndipo ophunzira amangowalemba m'makope mwawo osafunsa kanthu. Komatu mphunzitsi akanena kuti gulu lakuti linaukira gulu lakuti, wayankha kale mafunso angapo a filosofi amene sanawafunse poyera. Kodi chimene chimalowetsa munthu m'gulu nchiyani? Kodi ndi lamulo, chuma, ulemu, kapena maganizo a mwini wakeyo? Nanga gulu lingathe kufuna chinthu monga momwe afunira munthu mmodzi?

Mafunsowa atikhudza ife ansembe ndi aseminale pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ambiri mwa ife timatumidwa kukaphunzitsa m'masukulu ndi m'maseminale aang'ono, ndipo phunziro la mbiri limagwera m'manja mwathu. Chachiwiri, m'chitsanzo chimene mabuku amakonda kuphunzitsira nkhaniyi, ndiye France wa chaka cha 1789, ansembe ndiwo gulu limodzi mwa magulu amene amajambulidwa pa bolodi. Mfundo yathu m'nkhani ino ndi imodzi: wophunzira asanaloweze maina a magulu, ayenera kudziwa muyeso umene wagwiritsidwa ntchito powagawa, pakuti muyeso ukasintha, munthu yemweyo amasamuka kuchoka m'gulu lina kulowa m'gulu lina.

1. Kumene mawuwa anachokera

Zilankhulo zambiri za ku Ulaya zimatchula magulu amenewa ndi liwu limodzi lochokera ku liwu la Chilatini lakuti classis. Livy, wolemba mbiri wa ku Roma, akusimba kuti mfumu Servius Tullius, zaka zoposa 500 Kristu asanabadwe, inagawa nzika za Roma m'magulu asanu potsata chuma cha munthu aliyense, kuti adziwike woyenera kunyamula zida zanji pa nkhondo ndiponso kulemera kwa voti yake pa msonkhano. Amene analibe chuma chowalowetsa ngakhale m'gulu lachisanu ankatchedwa proletarii, pakuti chimene ankapereka ku dziko ndi ana awo okha, ndipo ana pa Chilatini ndi proles. Liwu lomweli linadzalowa m'masukulu, nchifukwa chake lero timati mwana ali m'kalasi yakuti. Tione kuti kuyambira pachiyambi classis sichinali chinthu chobadwa nacho ngati mtundu wa khungu. Alipo amene anawerenga anthu, nalemba malire, ali ndi cholinga chake.

Chichewa chilibe liwu limodzi lotere, ndipo kumeneku sikusauka kwa chilankhulo ayi. Tikamati mfulu ndi kapolo, tikuyesa munthu ndi lamulo ndi kubadwa. Tikamati mwini mudzi ndi wobwera, tikumuyesa ndi nthaka ndi ubale. Wolemera ndi mmphawi asiyana pa chuma. Bwana ndi wantchito asiyana pa ulamuliro wa pa ntchito. Wophunzira ndi wosaphunzira asiyana pa sukulu ndi pa ulemu umene sukulu imapereka. Aliyense wokulira pamudzi adziwa kuti nyakwawa ingathe kukhala yosauka kuposa wobwera amene ali ndi chigayo, koma pa mlandu wa malo mawu a nyakwawa ndiwo amamveka. Zimene chilankhulo chathu chimasiyanitsa, liwu limodzi la ku Ulaya lija limaziunjika pamodzi. M'nkhani ino tigwiritsa ntchito liwu lakuti gulu, koma tizikumbukira kufunsa kuti gulu pa muyeso uti.

2. Miyeso inayi

Muyeso woyamba ndi wa lamulo. M'maiko ambiri a ku Ulaya, kufikira zaka za m'ma 1700, lamulo lenilenilo linkagawa anthu m'magawo, ndipo gawo lililonse linali ndi maufulu ake, misonkho yake ndi makhoti ake. Maganizo akale anali akuti ena amapempherera onse, ena amamenyera nkhondo onse, ndipo ena amalimira onse. Pa muyeso umenewu chuma sichiwerengedwa. Munthu wa banja lomveka, ngakhale denga la nyumba yake likudontha, amakhalabe pamwamba pa wamalonda amene ali ndi zombo khumi.

Muyeso wachiwiri ndi wa Karl Marx, amene anamwalira mu 1883. Kwa iye funso lalikulu ndi lakuti: ndani mwini wa zipangizo zopangira chuma, monga nthaka, makina ndi ndalama zoyambira ntchito, ndipo ndani alibe kanthu kogulitsa koma mphamvu za manja ake? Anthu awiri angathe kupeza ndalama zofanana pa chaka, koma ngati wina amalemba antchito ndipo wina ndi wolembedwa, ali m'magulu awiri amene zofuna zawo zimatsutsana. Marx ankakhulupirira kuti kulimbana kwa magulu otere ndiko kumayendetsa mbiri. Iye mwini anavomereza m'kalata ya mu 1852 kuti sanali woyamba kuona kulimbanaku, pakuti olemba mbiri monga François Guizot ndi Augustin Thierry anali atakufotokoza kale. Nchodabwitsa kuti mutu umene unayenera kutanthauzira magulu, kumapeto kwa buku lachitatu la Das Kapital limene Friedrich Engels anasindikiza mu 1894, unangoyambidwa chabe. Marx anamwalira asanautsirize.

Muyeso wachitatu ndi wa Max Weber, amene anamwalira mu 1920. Iye anavomereza kuti chuma chimagawa anthu, koma anati tisachisokoneze ndi zinthu zina ziwiri, ndizo ulemu ndi mphamvu za ndale. Ulemu umaoneka pa kavalidwe, pa kalankhulidwe, pa anthu amene munthu amadya nawo ndi pa mabanja amene angakwatireko. Zitatuzi kawirikawiri zimayendera limodzi, koma si nthawi zonse, ndipo pamene zasiyana mpamene pamabuka mkwiyo: munthu wachuma kapena wophunzira amene akumanidwa ulemu samaiwala msanga.

Muyeso wachinayi ndi wa E. P. Thompson, amene ankaphunzitsa anthu akuluakulu madzulo ku Yorkshire, nasindikiza mu 1963 buku lonena za chiyambi cha gulu la antchito ku England. Iye anakana kuti gulu ndi bokosi limene katswiri amaponyamo anthu. Kwa iye gulu limachitika m'mbiri pamene anthu, chifukwa cha zimene akumana nazo pamodzi, ayamba kumva ndi kunena kuti zofuna zawo ndi zimodzi, zosiyana ndi za anthu ena. Motero wofuna kudziwa ngati gulu lilipo ayang'ane mabungwe amene anthuwo anakhazikitsa, makalata amene analemba ndi zimene anachita, kwa zaka zambiri ndithu.

3. Chulu cha pa bolodi

Tsopano tiyese miyesoyi pa chitsanzo chimodzi. Mu 1789 France anali ndi anthu pafupifupi 28 miliyoni, ndipo lamulo linkawagawa patatu. Gawo Loyamba linali la atsogoleri a Eklezia, ansembe ndi a m'zipani za chipembedzo, amene sanafike munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse. Gawo Lachiwiri linali la anthu a mabanja aulemu wobadwa nawo, amene tiwatchule kuti omveka. Iwowa sanapitirire awiri mwa 100. Gawo Lachitatu linali la wina aliyense wotsala, ndipo ambiri mwa iwo, pafupifupi anayi mwa anthu asanu a m'dzikomo, anali alimi a kumidzi. Magawo awiri oyamba sankalipira msonkho waukulu wotchedwa taille. Eklezia inali ndi minda yambiri, inkalandira chachikhumi, ndipo m'malo mwa msonkho inkapereka kwa mfumu mphatso imene msonkhano wa atsogoleri ake unkagwirizana.

Boma litalemedwa ndi ngongole, Mfumu Louis XVI inaitanitsa msonkhano wa magawo atatuwa, umene unali usanakhalepo chiyambire 1614. Unatsegulidwa ku Versailles pa 5 Meyi 1789. Gawo Lachitatu linapatsidwa nthumwi pafupifupi 600, pamene magawo enawo anali ndi nthumwi pafupifupi 300 lililonse. Mkangano unabuka pomwepo: kodi avote gawo ndi gawo, kuti awiri azipambana mmodzi nthawi zonse, kapena avote munthu ndi munthu?

Pophunzitsa zimenezi, mphunzitsi amajambula chinthu chonga chulu, chosongoka pamwamba ndi chotambalala pansi, nachidula patatu. Mabuku ambiri amaonjezapo chithunzi chotchuka cha chaka chomwecho, cha mlimi wokalamba atabereka wansembe ndi womveka kumsana. Kenaka pamabwera chiganizo chimene ophunzira amaloweza: osauka a pansi anatopa, naukira olemera a pamwamba. Njira imeneyi njosavuta kuphunzitsa ndiponso njosavuta kuchonga pa mayeso. Ilinso ndi choonadi chake, pakuti mtolo wa misonkho unalidi wolemera pa mlimi. Vuto lake ndi lakuti chulucho chajambulidwa ndi muyeso wa lamulo, koma chiganizocho chanenedwa ndi muyeso wa chuma, ndipo wophunzira sanauzidwe kuti muyeso wasinthidwa pakati pa njira.

4. Zimene chulu chimabisa

Tiyambe ndi Gawo Loyamba. Pa lamulo, episkopi ndi wansembe wa paparishi ya kumudzi anali gawo limodzi. Pa chuma ndi pa ulemu anali maiko awiri. Pofika 1789 pafupifupi aepiskopi onse a ku France anali ana a mabanja omveka, ndipo ena mwa iwo ankalandira ndalama zoposa malivre 100,000 pa chaka. Ansembe ambiri a m'maparishi anali ana a anthu wamba, ndipo kumene chachikhumi chinkapita kwa amonke kapena kwa akuluakulu ena, wansembe wogwira ntchitoyo ankangolandira malipiro ochepa amene lamulo la 1786 linawaika pa malivre 700 pa chaka. Pa chisankho cha nthumwi, ansembe a m'maparishi anasankha anzawo: mwa nthumwi pafupifupi 300 za Gawo Loyamba, pafupifupi 200 zinali ansembe a m'maparishi, ndipo aepiskopi anali pafupifupi 50 okha. Pa 13 Juni ansembe atatu a ku Poitou anasiya chipinda chawo nakakhala ndi Gawo Lachitatu, ndipo ena anawatsatira. Pa 17 Juni Gawo Lachitatu linadzitcha Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, ndipo pa 19 Juni Gawo Loyamba linavota, mopambana pang'ono chabe, kuti ligwirizane nawo. Anthu amene chulu chikuwaika pamwamba penipeni ndiwo anathandiza kugumula khoma la pakati pa magawo.

Gawo Lachiwiri nalonso silinali lotsekedwa. Munthu wachuma ankatha kugula udindo wa m'boma umene unkasandutsa banja lake kukhala lomveka, kotero kuti anthu ankaseka maudindo ena powatcha sopo wosambitsira anthu wamba. M'zigawo zakutali munali omveka osauka, olima okha minda yawo. Analiponso omveka okonda kusintha kwa zinthu, monga Lafayette, ndipo pa 25 Juni omveka 47 anakalowa m'Nyumba yatsopano ija. Mirabeau, mmodzi wa olankhula amphamvu a Gawo Lachitatu, anali womveka pobadwa. Emmanuel Sieyès, amene kabuku kake ka mu Januwale 1789 kanalimbikitsa Gawo Lachitatu kudziona ngati mtundu wonse wa France, anali wansembe.

Nanga Gawo Lachitatu? M'menemo munali mwini banki wa ku Paris, mwini zombo wa ku Bordeaux, loya, mmisiri, mlimi wolemera, waganyu wopanda munda ndi wopemphapempha. Nthumwi zawo zambiri zinali maloya ndi anthu a maudindo a m'boma. Alimi ndi amisiri anali osowa m'chipindamo. Alimi anaukiradi eni malo m'chilimwe cha 1789, natentha mapepala olembamo mangawa awo. Koma mu 1793 alimi a ku Vendée ananyamula zida kulimbana ndi boma latsopano, pokana kulembedwa usilikali ndiponso poteteza ansembe awo. Ndipo pali ena amene chulu chilibe malo awo konse. Amayi a m'misika ya Paris, amene anayenda ulendo wa ku Versailles pa 5 Okutobala 1789 nachititsa kuti mfumu isamukire ku Paris, saonekamo. Akapolo pafupifupi 500,000 a ku Saint-Domingue, dziko limene lero ndi Haiti, amene shuga ndi khofi wawo ankalemeretsa madoko a France, ndipo anaukira mu Ogasiti 1791, saonekamonso.

5. Mkangano wa akatswiri

Kwa zaka zambiri, akatswiri otchuka a ku France monga Georges Lefebvre ndi Albert Soboul ankaphunzitsa motsata muyeso wa Marx. Iwo ankati chaka cha 1789 ndi pamene gulu la anthu achuma a m'matauni, lotchedwa bourgeoisie pa Chifalansa, linagwetsa omveka ndi kutsegula njira ya chuma cha malonda ndi mafakitale. Mu 1954 Alfred Cobban wa ku London anatsutsa zimenezi. Atawerenga ntchito za nthumwi za Gawo Lachitatu, anapeza kuti amalonda, eni mafakitale ndi eni mabanki sanafike ngakhale mmodzi mwa nthumwi zisanu. Mu 1967 George V. Taylor anaonetsa kuti olemera a magawo onse awiri ankasunga chuma chawo m'zinthu zofanana, ndizo minda, maudindo ogula ndi ngongole zobwereketsa, kotero kuti pa muyeso wa Marx womwewo anali pafupi kukhala gulu limodzi. Mu 1978 François Furet anati chimene chinayendetsa kuukirako ndi ndale ndi maganizo atsopano onena za ulamuliro wa anthu.

Komabe mlandu sunathere pamenepo. Mu 1996 Timothy Tackett, atawerenga makalata ndi zolemba za nthumwi zenizenizo, anaonetsa kuti nthumwi za omveka zinali zolemera kwambiri kuposa za Gawo Lachitatu, ndi kuti kunyozedwa kumene nthumwi za anthu wamba zinakumana nako kunazikwiyitsa ndi kuzigwirizanitsa. Tikumbukenso zimene Nyumba yatsopanoyo inachita. Usiku wa pa 4 Ogasiti 1789 inathetsa maufulu apadera a magawo. Koma itatero, inapereka voti kwa amuna okhawo olipira msonkho wofanana ndi malipiro a masiku atatu, ndipo mu Juni 1791 lamulo la Le Chapelier linaletsa antchito kukhazikitsa mabungwe awo. Malire a lamulo atafafanizidwa, malire a chuma anaoneka poyera. Choncho wonena kuti magulu ndi nthano chabe walakwa monga walakwira wonena kuti magulu amafotokoza zonse.

6. Kuopsa kwa dzina la gulu

Wina angafunse kuti kodi zonsezi si mikangano ya ophunzira yopanda ntchito kwa mwana wa sekondale? Mbiri yayankha kale. Mu Disembala 1929 Stalin analengeza kuti alimi otchedwa kulak, ndiye kuti alimi opeza bwino, athetsedwe monga gulu. Panalibe muyeso wokhazikika wodziwira kulak. Kukhala ndi ziweto zochulukirapo kapena kulembapo waganyu kunali kokwanira, ndipo ngakhale mlimi wosauka wokana minda ya boma ankapatsidwa dzina la wothandiza kulak. M'zaka za 1930 ndi 1931 zokha, anthu pafupifupi 1.8 miliyoni anasamutsidwira ku madera akutali, ndipo ambiri anafera komweko. Amene anagwira ntchito imeneyi anali ataphunzitsidwa kuti mlandu wa munthu uli m'gulu lake, osati m'zochita zake.

Pali kulakwa kwina kwa mbali inayo. Mphunzitsi woopa nkhani ya magulu angathe kuphunzitsa mbiri ya mafumu ndi akazembe okhaokha, ngati kuti kusiyana kwa olemera ndi osauka nkwachibadwa monga mvula ndi dzuwa. Wophunzira wake sadzafunsa konse kuti malo anapita bwanji m'manja mwa anthu ochepa. Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum ya pa 15 Meyi 1891, anapewa maenje onse awiriwa. Iye anafotokoza mosabisa kuti chuma chaunjikana m'manja mwa ochepa ndi kuti antchito asiyidwa opanda chitetezo, navomereza ufulu wawo wokhazikitsa mabungwe. Koma anakana ganizo lakuti magulu ndi adani mwachibadwa. M'chilankhulo cha filosofi tinganene kuti gulu ndi ubale weniweni wa pakati pa anthu, umene umachepetsa kapena kukulitsa zimene munthu angathe kuchita. Koma gulu lilibe nzeru, lilibe kufuna ndipo lilibe chikumbumtima. Amene amasankha, nayankha mlandu, ndi munthu.

7. Kuyesa miyesoyi pa mbiri yathu

Ubwino wophunzira miyeso ndi wakuti wophunzira angathe kupita nayo ku nkhani ina. Titenge kuukira kwa John Chilembwe, kumene kunayamba pa 23 Januwale 1915. Chilembwe, ataphunzira ku Lynchburg ku America, anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900. Pafupi pake panali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, yoyang'aniridwa ndi William Jervis Livingstone, amene anaphedwa usiku woyamba wa kuukirako.

Pa muyeso wa lamulo, boma la atsamunda linkasiyanitsa Azungu ndi anthu akuda, ndipo Chilembwe ndi omutsatira onse anali mbali imodzi. Pa muyeso wa Marx tikuona thangata: liwu limene kale linkatanthauza kuthandizana linasanduka dzina la ntchito yokakamiza, imene anthu okhala pa minda ya Azungu, ambiri a iwo Alomwe obwera kuchokera ku Mozambique, ankalipirira malo okhalapo. Koma muyeso womwewo umatidabwitsa, pakuti ena mwa atsogoleri a kuukirako sanali a thangata. John Gray Kufa, wophunzira zachipatala ku Blantyre Mission, anali ndi munda wake waukulu. Duncan Njilima anali wamalonda wopeza bwino. Onse awiri anaphedwa ndi boma kuukirako kutalephera. Apa muyeso wa Weber ukutithandiza: anthuwa anali ndi maphunziro ndi chuma, koma ankamanidwa ulemu, ndipo limodzi mwa madandaulo amene anamveka pa kafukufuku wa boma pambuyo pake linali la kukakamizidwa kuvula chipewa pamaso pa Mzungu aliyense. Muyeso wa Thompson ukutifunsa chimene chinalumikiza ophunzira ndi anthu a thangata, ndipo utilozera ku matchalitchi ndi masukulu a mishoni ya Chilembwe, amene ena mwa iwo anatenthedwa pa minda ya Magomero, ndi ku nkhondo ya 1914 imene inkatenga anthu akuda kukafera mlandu wa eni ake. Ukutikumbutsanso kuti asilikali amene anathetsa kuukirako ambiri anali anthu akuda, ndi kuti mafumu ambiri sanalowemo. Palibe muyeso umodzi umene ukukwanira nkhani yonse.

8. Malangizo kwa mphunzitsi

Sitikunena kuti chulu chija chifufutidwe. Mwana ayenera kuyamba ndi chithunzi chosavuta. Koma mphunzitsi akachijambula, alembe pambali pake kuti chajambulidwa ndi muyeso wa lamulo. Kenaka apatse ophunzira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi: episkopi wa banja lomveka, wansembe wa malivre 700, womveka wosauka, mwini zombo, loya ndi waganyu. Awauze kuti awandandalike potsata lamulo, kenaka potsata chuma, kenaka potsata ulemu. Akaona kuti wansembe uja ali pamwamba pa mndandanda woyamba ndipo ali pafupi ndi pansi pa wachiwiri, adzamvetsa okha chifukwa chake pa 13 Juni ansembe anasamuka chipinda.

Chachiwiri, ophunzira amve mawu a anthu a nthawiyo. Chisankho cha 1789 chisanachitike, midzi, matauni ndi magawo onse analemba madandaulo awo m'mabuku zikwizikwi, ndipo ambiri alipobe. Pa mbiri yathu pali umboni umene anthu anapereka pa kafukufuku wa boma wa 1915, ndiponso zimene agogo amakumbuka za thangata, limene linathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Wophunzira afunse kuti anthuwa ankadzitcha ndani, ndipo ankati adani awo ndani.

Chachitatu, asiyanitse maina amene anthu ankadzitcha okha ndi maina amene olemba mbiri anawapatsa pambuyo pake. Onse awiri ali ndi ntchito, koma si amodzi. Chachinayi, afunse nthawi zonse kuti ndani wasiyidwa kunja kwa chithunzi. Potsiriza, mafunso a mayeso asamangoti tchulani magawo atatu. Azifunsanso kuti, ngati ansembe anali gawo limodzi, nchifukwa chiyani anagawikana? Funso lotere silingayankhidwe ndi kuloweza.

Mawu Otsiriza

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Njira imene tafotokozayi imadya nthawi, ndipo mphunzitsi amene akuthamangitsana ndi silabasi adzayesedwa kuti angolembetsa chiganizo chimodzi chija ndi kupitirira. Koma amene akhala pa mabenchi lero ndiwo mawa adzaweruza milandu ya malo, adzalemba antchito, adzatsogolera mabungwe ndi maparishi. Akatuluka m'manja mwathu akudziwa kuti kusiyana kwa anthu kunapangidwa ndi malamulo, misonkho ndi malonda amene ali ndi zaka zake ndi eni ake, adzadziwanso kuti kungathe kukonzedwa. Akatulukanso akudziwa kuti dzina la gulu silinena zonse za munthu, adzachedwa kuweruza mnzawo asanamve zimene iye wachita.